Ulendo wapansi wolipira ku Robin Hood's Bay: za ozembetsa katundu zachuluka, koma ndalama sinapite pachabe

Mudzi wa Robin Hood's Bay mutha kuuzungulira nokha osatulutsa ngakhale peni imodzi. Palibe geti, palibe tikiti, ndipo ndi waung'ono moti munthu wa miyendo yabwino amatsika kuchokera kumtunda mpaka kukaponda madzi a m'nyanja mphindi khumi zisanathe. Ndiye n'kulipiriranji munthu woti akuyendetseni m'kamudzi kotere? Ine ndinalipira, ndipo amene angandifunse ndimuuza kuti alipire, ngakhale pali zingapo zimene sizinandikomere.

Mudziwu uli m'mphepete mwa nyanja ya North Sea, m'chigawo cha North Yorkshire ku England, mamailosi 6 kummwera kwa tauni ya Whitby ndi mamailosi pafupifupi 15 kumpoto kwa Scarborough. Eni ake amangoti Bay, ena amati Bay Town. Za Robin Hood wa m'nthano za ku England, uja wa uta ndi mivi, muiwaliretu, palibe umboni woti anapondako. Amayi amene anatiyendetsa ananena zimenezi tisanasunthe n'komwe, kuti wina asavutike n'kufunsa m'njira. Ndinayamba kuwakhulupirira pomwepo, chifukwa wina wofuna kusangalatsa alendo akanatiloza phanga lililonse n'kuti ndi mmene ankabisala.

Oyendetsa alendo m'mudzimu alipo angapo. Ena amayendetsa usiku atavala zakuda n'kumasimba za mizukwa, ena amapita ndi anthu kugombe kukasaka miyala. Ife tinasankha ulendo wa masana wa mbiri ya mudzi, wa ola limodzi ndi theka, umene amatsogolera mayi wina wachikulire wokulira m'dera lomwelo. Tinalembetsa pa intaneti, uthenga wotsimikizira unabwera tsiku lomwelo, ndipo mtengo wa munthu mmodzi sunafike pa mtengo wa mbale ya nsomba ndi tchipisi m'malo odyera a m'mudzimo. Ndinali ndi alamu anga, amene bondo lawo lamanzere limawavuta.

Pokumanirana ndi kumtunda, pafupi ndi poimika magalimoto, pomwe msewu umayambira kutsetsereka. Pamenepo pali chikwangwani chimene ambiri amangochidutsa pothamangira kukajambula nyanja. Ife tinaimapo nthawi ndithu. Pa 18 Januwale 1881, sitima yamatanga yotchedwa Visiter inatsakamira m'gombeli kunja kukuwomba chimphepo cha chipale chofewa. Amalinyero ake anathawira m'kaboti kakang'ono koma mafunde sanawalole kufika kumtunda, ndipo pamudzipo panalibe boti loti n'kulimbana ndi nyanja ya tsiku limenelo. Uthenga unapita ku Whitby. Nakonso boti lopulumutsira anthu silikanatha kutuluka padoko, ndiye anthu anapangana zolikoka pamtunda. Mamailosi 6 amenewo, msewu wokwera mpaka mamita pafupifupi 150, chipale chitaunjikana kupitirira mamita 2 malo ena. Akavalo 18 ankakoka, amuna 200 ankalambula njira kutsogolo, pomwe amuna a ku Bay ankakumba chokwera kuti akakumane nawo. Botilo linalowa m'madzi, nkhafi zina zinathyoka, anabwerera, anayesanso, ndipo ulendo wachiwiriwo anapulumutsa amalinyero onse. Wotsogolera botilo anali Henry Freeman, yemwe uja anapulumuka yekha mu 1861 boti la ku Whitby litagubuduzika, chifukwa ndiye yekha anavala chovala choyandamitsa cha mtundu watsopano.

Zambiri mwa izi zalembedwa pachikwangwanipo, aliyense atha kuwerenga. Chimene amayiwo anawonjezera chinabwera titatsika pang'ono, pomwe msewu wakhota n'kupanikizika pakati pa nyumba. Anaitana anyamata awiri a m'gulu lathu, anawauza agwirane dzanja n'kutambasula manja enawo. Anatsala pang'ono kukhudza makoma onse awiri. Kenako anati, "Tsopano ganizani boti lalitali kuposa kabasi kakang'ono likutsika pano pangolo, pansi pakuterera, amuna aligwira ndi zingwe kumbuyo kuti lisathawe." Palibe anayankha. Ine msewu umenewo ndikanangoujambula n'kudutsa.

Kayendetsedwe kawo kanali kotero ulendo wonse. Sathamangira nyumba zotchuka, amakuimikani pa chinthu chimene mukanachiponda osachiona. Pambali pa chitseko china panali kachitsulo kopingasa kokhomeredwa m'kamphako m'munsi mwa khoma. Anatifunsa kuti n'kachiyani, tonse kukamwa pululu. Ndi kopalira matope ku nsapato, ka nthawi imene timisewu tonseti tinali matope, mamba ndi matumbo a nsomba. Pena anatiloza kachitseko kachitsulo kofika m'mawondo, pothirira malasha kuti agwere m'chipinda chapansi. Zitseko zina n'zazifupi moti mnyamata wina wamtali anaima pafupi ndi chimodzi, mutu wake unapitirira mphuthu. Makoma ndi a miyala ya mchenga yofiirira, yosemedwa ndi manja, mizere ya chisemelo ikuonekabe. Madenga ndi a matailosi ofiira opindika, ndipo mukaima kumtunda mumangoona madenga okhaokha otsikira kunyanja, machumuni ali ngundangunda.

Nyumbazo zapanikizana ngati njere za chimanga pa chitsononkho. Khonde la uyu lili molingana ndi chumuni cha mnzake, zenera la wina likusuzumira m'khitchini mwa wina. Chifukwa chake n'chakuti malo omangapo anali ochepa: mbali ino phompho, mbali iyo khwawa la kamtsinje, kutsogolo nyanja. Amayiwo anati ana akakwatira ankangomanga chogundiza nyumba ya makolo, kapena pamwamba pake, bola akhale pafupi ndi maboti. Tinjira tapakati pake tili ndi mayina, The Bolts, The Openings, Sunny Place, Fisherhead, ndipo tina n'topapatiza moti anthu awiri sangapatukirane popanda wina kutsamira khoma. Galimoto silifika ku nyumba zambiri. Tinakumana ndi bambo wina akukankha wilibala yodzaza zofunda zochapidwa, ndipo kwa iye zinali za masiku onse.

Zofundazo n'zimene zinatsegula nkhani imene sindinaiyembekezere pa ulendo wa alendo. Amayiwo anatiuza kuti pa kanjira kamodzi tiziyang'ana m'mbali mwa chitseko chilichonse. Pafupifupi paliponse panali kabokosi kakuda ka manambala, kosungiramo makiyi. Nyumba imeneyo ndiye kuti simukhala munthu, ndi yobwereketsa alendo a tchuthi, ndipo mwini wake mwina ali ku Leeds kapena ku London. Ananena mosakwiya, koma anati nyengo yozizira ukayenda madzulo m'munsimu mazenera oyaka magetsi umachita kuwawerenga, ndipo achinyamata obadwira konkuno sangakwanitse kugula nyumba imene agogo awo ankasendera nkhono za nyambo. Ena m'gulu lathu anayang'ana pansi, ndikhulupirira kuti usiku umenewo ankagona m'nyumba zoterezi. Ine ndinaona kuti anachita bwino kunena. Mudzi wokongola umakunamizani kuti zonse zili bwino, pamafunika mwini mudzi kuti akuuzeni kuti maluwa a pazenerawo amathirira ndi wantchito wa kampani yobwereketsa.

Tsopano za ozembetsa katundu, zimene ndikuganiza kuti n'zimene zimakoka anthu ambiri. Zinatenga mwina gawo limodzi mwa magawo atatu a nthawi yathu, ndipo kwa ine zinachuluka. Mbiri yake ndi yoona: m'zaka za m'ma 1700 mudziwu unkadziwika pa kuzembetsa tiyi, fodya, jini, burande ndi nsalu za silika kuchokera ku Netherlands ndi ku France. Mudzi uli kwaokha, kumbuyo kwake kuli chipululu cha North York Moors, akuluakulu a msonkho ankavutika kufikako. Chimene chinandipindulira ndi chifukwa chake. Msonkho wa tiyi unafika pa 119 peresenti, ndipo pamene boma la William Pitt linautsitsa kufika pa 12.5 peresenti mu 1784, kuzembetsa tiyi kunasiya kupindulitsa. Apa nkhani inamveka, chifukwa munthu ukuona kuti sanali anthu okonda chisokonezo, anali asodzi owerengera phindu.

Zotsalazo ndi nthano zimene aliyense woyendetsa alendo kumeneko amanena. Akuti mpukutu wa silika unkachoka kugombe n'kufika kumtunda kwa mudzi osaona dzuwa, ukudutsa m'makabati obisika ndi m'mauna olumikiza nyumba ndi nyumba. Akuti amayi ankathira madzi owira kuchokera m'mazenera apamwamba pa akuluakulu a msonkho. Amayiwo sanabise kuti izi ndi za "akuti akuti", ndipo pamenepo ndiwayamikire. Vuto n'lakuti nyumbazo ndi za eni, simulowa, ndiye mumaima panja pa khoma lopakidwa laimu n'kumauzidwa kuti kuseri kwake kuli kabati yomwe simudzaiona. Kawiri katatu zimakoma. Kachisanu munthu umayamba kuyang'ana mbalame padenga.

Tchalitchi chakale cha Amethodisti cha mu 1779 tinangochidutsa mwachangu. John Wesley, amene anayambitsa mpingowo, analalikira m'mudzimu kangapo, ndipo masiku ano nyumbayo siyopemphereramonso. Mphindi ziwiri zinakwana.

Pachimake panali pa King Street. Lero ndi kamsewu kabata kokwera kuchokera kugombe, koma kale ndiwo unali msewu waukulu wolowera m'mudzi. Mu 1780 chigawo chake chakumtunda chinagumukira m'nyanja pamodzi ndi nyumba zake, ndipo n'chifukwa chake msewu umene timatsikira lero umatchedwa New Road ngakhale uli ndi zaka zoposa 200. Amayiwo anatifikitsa pomwe nyumba zimathera mwadzidzidzi n'kutiuza kuti tiyang'ane kutsogolo, mumlengalenga mopanda kanthu pamwamba pa madzi, kuti mmenemo munali makomo a anthu. Phompho la kumeneko si thanthwe lolimba. Ndi dongo ndi miyala yofumbutuka, mvula ikulifewetsa pamwamba, mafunde akulikumba pansi, ndipo kwa zaka zambiri nyumba zinkapita imodziimodzi.

Chimene chinaletsa zimenezi ndi chikhoma cha konkire chimene anamaliza mu 1975, chotalika mamita pafupifupi 12. Pamwamba pake pali njira yoyendamo ndi mabenchi, ndipo mukakhala pamenepo simudziwa kuti mwakhala pa chiyani. Mukachionera kugombe ndiye n'chonyansa ndithu, chotuwa, chamizere ya dzimbiri lochucha kuchokera ku zitsulo za mkati, chosagwirizana ndi timanyumba tokongola tili pamwamba pake. Pa mapositikhadi ojambula amachibisa. Amayiwo anachisisita ndi dzanja n'kunena kuti n'choipa inde, koma popanda icho bwenzi tikuyankhulira m'madzi. Anafotokozanso kuti madzi amchere amadya zitsulozo, konkire imasweka, ndipo chikhomachi chimafuna kukonzedwa ndi ndalama zambiri, apo ayi nyanja idzayambiranso pomwe inalekera. Ndinapita kukaona nyumba za zaka 300, koma chimene ndinachiganizira kwambiri pobwerera ndi konkire ya mu 1975.

Pansi penipeni pamatchedwa The Dock, ngakhale doko lenileni palibe. Ndi kabwalo kakang'ono kotsetserekera m'madzi, ndipo moyo wa tsiku ndi tsiku wa mudziwu umaonekera pamenepo. Miono ya nkhanu yaunjikidwa m'mbali, zingwe zabuluu zili mbwee, kafungo ka nyambo yakale kakukulandirani. Pali thalakitala yadzimbiri yokokera maboti. Amayiwo anatifotokozera za boti la makolo a m'gombe limeneli, lotchedwa coble: kutsogolo n'lalitali kuti lizing'amba mafunde, kumbuyo pansi pake n'pophwatalala kuti lizikwera pamchenga, ndipo pobwera kumtunda amalilowetsa chambuyo. Cha m'ma 1530 John Leland, amene ankayendera dziko la England n'kumalemba zimene waona, anapeza pano kamudzi ka asodzi ka maboti 20. Usodzi unakula mpaka m'zaka za m'ma 1800, kenako unafota pamene kunabwera sitima zikuluzikulu zoyendera nthunzi zofuna doko lakuya ngati la ku Whitby. Sanaiwale ntchito ya akazi: kutola nkhono m'miyala kukuzizira, kuzisenda, kukolowetsa nyambo pa mbedza mazanamazana, kenako kusenza madengu a nsomba pamutu kukagulitsa kumtunda.

Pakabwalo pomwepo pali chinsomba chachitsulo choimirira ndi mchira, kukamwa kuli yasa. Ndi bokosi loponyamo ndalama zothandizira bungwe la RNLI, lopulumutsa anthu panyanja, ndipo chakhala pamenepo zaka zoposa 100 mpaka boma linachiika m'kaundula wa zomangidwa zotetezedwa. Ana amakanganirana kuchidyetsa makobidi. Mbali imodzi kuli nyumba yakale ya alonda a gombe, imene inakhalaponso malo ofufuzira za m'nyanja a yunivesite ya Leeds, ndipo lero ili m'manja mwa National Trust, bungwe losamalira malo ndi nyumba zakale. Mbali inayo kuli Bay Hotel, yomangidwa pamwamba penipeni pa mafunde. Pakhoma lake pali chikwangwani chosonyeza mathero a ulendo wapansi wa Coast to Coast, mamailosi 192 kuchokera ku St Bees, kugombe lakumadzulo, umene Alfred Wainwright, wolemba mabuku a maulendo apansi, anaukonza mu 1973. Tili chiimire panafika bambo ndi mayi achikulire, zikwama kumsana, nkhope zitapsa ndi mphepo. Sanalankhule ndi munthu. Anapita mpaka m'madzi ndi nsapato zomwe, bamboyo anapisa m'thumba n'kutulutsa kamwala, anakaponya. Amayi otiyendetsa anatinong'oneza kuti kamwalako anakatola ku St Bees tsiku lonyamuka, ndiwo mwambo wake, ndipo anayamba kuwomba m'manja, ife tonse n'kutsatira.

Mbalame zoyera za kunyanja zija musazione kukongola. Zimakwatula tchipisi m'manja mwa munthu, ndipo lamulo la mu 1981 loteteza zachilengedwe limazitchinjiriza, ndiye mungozikalipira basi.

Tinamalizira ku kanyumba kosungiramo zinthu zakale ku Fisherhead, kamene amayendetsa ndi anthu ongodzipereka. Kale kanali nyumba yachisoni ndi pofufuzira za imfa, makamaka za mitembo imene nyanja inkalavula. Muli majuzi oluka a asodzi, zida zophera nsomba, zithunzi zakale ndi miyala ya m'gombe. N'kakang'ono, gulu lathu silinakwanemo, ndipo sikatsegulidwa masiku onse.

Kusakwanamoko ndiye dandaulo langa loyamba. Gulu linali lalikulu kuposa mmene tinjira ta mudziwu tingalolere. Mukamayenda mondondozana, amayiwo ali kutsogolo, mawu awo ndi ofatsa, alibe chokuzira mawu, ndiye amene ali kumbuyo amangomva kuseka kwa anzawo osadziwa chaseketsa. Ife tinkatsalira kawirikawiri chifukwa cha bondo la alamu, ndipo nkhani zina tinazimva theka. Akanachepetsa anthu n'kukweza mtengo pang'ono, ine sindikanadandaula.

Lachiwiri n'lakuti polembetsa sanatichenjeze mokwanira za chitunda. Analemba kuti pali masitepe, basi. Kunena zoona ulendo wonse ndi masitepe, ena osalingana, ena amiyala yoterera, ndipo popumira ndi pochepa. Njinga ya olumala singadutse m'tinjira tambiri, ngakhale ngolo ya mwana ndi mtolo. Titafika pansi ndinawafunsa alamu kuti, "Alamu, mukwanitsa kubwerera?" Iwo anati, "Kutsika ndatsika ndekha, koma kukwera mundibereka ndinu." Anakwera okha, koma tinaima kambirimbiri, ndipo amayi otiyendetsa anali atatsanzika kale pansi. Ulendo umathera kugombe, chitunda chobwerera ndi chanu.

Lachitatu ndi limene linandiwawa. Ulendowu umayamba ola lomwelomwelo tsiku lililonse, pomwe nyanja ili ndi nthawi yake. Madzi amadzaza kawiri pa tsiku, ndipo tsiku lililonse amachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50. Ife tinafika pa The Dock madzi atadzaza mpaka m'kabwalo. Choncho ngalande yamiyala imene kamtsinje ka King's Beck kamatulukira pansi pa nyumba, imene akuti ozembetsa katundu ankalowera, tinangouzidwa kuti ili apo pansi pa mafundewo. Chinthu chokhacho cha nkhani ya kuzembetsa chimene munthu angachione ndi maso, ife sitinachione pa ulendowo. Tinadikira tokha mpaka madzulo. Madzi ataphwa gombe linasanduka dziko lina: matanthwe aphwatalala otambalala kutali, opindika mizeremizere mozungulira gombe lonse, timadziwe todzaza nkhanu ndi tinsomba, ana ndi timaukonde tawo ali balalabalala. Pakamwa pa ngalandeyo tinafikapo, mwamdima, mozizira, madzi akuyenderera pa ndere.

M'matanthwe amenewo ndi mmene anthu amatola miyala yozungulira ngati njoka yodzipinda, zotsalira za tinyama ta m'nyanja ta zaka pafupifupi 190 miliyoni zapitazo. Anthu akale a ku Whitby ankati ndi njoka zimene Hilda Woyera, mkulu wa nyumba ya amonke ya kumeneko m'zaka za m'ma 600, anazisandutsa miyala, ndipo mpaka lero zili pa chizindikiro cha tauniyo. Zogwa kale pansi mutha kutola. Kugogoda phompho ndi hamala ayi, ndipo musakhale m'tsinde mwake, limagumuka osachenjeza.

Malangizo abwino koposa amene amayiwo anatipatsa anali a malo amene ulendo wawo sufikako. Potsanzika anati tisachoke tisanaone tchalitchi chakale cha St Stephen, chimene chili pachitunda pafupifupi mailosi imodzi kuchokera m'mudzi, panjira ya ku Whitby. Tinapita pagalimoto. Kunja n'chosaoneka bwino, chinyumba chamakona anayi cha miyala yotuwa, kabelu kali pamwamba, chili chokhachokha pakati pa minda mphepo ikuchiwomba mbali zonse. Chinamangidwa mu 1822. Mu 1870 mpingo unasamukira ku tchalitchi chatsopano kufupi ndi mudzi, chimene anajambula George Edmund Street, katswiri yemwe anajambulanso makhoti akuluakulu a Royal Courts of Justice ku London. Chakalecho chinangosiyidwa, ndipo kusiyidwako n'kumene kunachipulumutsa, chifukwa palibe anabwera kudzachikonza mwamakono monga anachitira ndi matchalitchi ambiri a nthawi imeneyo.

Mukalowa mumapeza mipando yotchingidwa ndi matabwa mbali zonse, uliwonse ndi kachitseko kake. Banja linkalowa n'kudzitsekera, mwina pothawa mphepo, ndipo mukakhala pansi anzanu simuwaona, mumangoona mlaliki. Gome lake ndi la nsanjika zitatu: pansi pa kalaliki woyankhira mapemphero, pakati powerengera mawu, pamwamba polalikira. Nyumba yonse inamangidwa kuti anthu amve ulaliki, guwa lili ngati laiwalika. Mulinso nkhata zakale za nsalu ndi mapepala, zofwifwa ndi ukalamba, zimene ankanyamula pa maliro a mtsikana womwalira asanakwatiwe n'kuzisiya m'tchalitchimo. Alamu anakhala nthawi yaitali akuziyang'ana. Panja pali manda odzaza ziliza zopendekeka, ndipo mukayamba kuwerenga mumaona mawu omwewo akubwerezedwa: woyendetsa sitima, anamira, anatayika panyanja. Pena bambo ndi ana ake aamuna pa mwala umodzi, zaka zosiyana, nyanja yomweyo. Ena mwa mayinawo pansi pake palibe mtembo. Tchalitchichi amachisamalira a Churches Conservation Trust, ndipo pali bokosi la zopereka pakhomo. Chikanakhala mbali ya ulendo wolipirawo, m'malo mwa makabati osaoneka aja, bwenzi ndikuupatsa ulendowu ulemu wonse.

Zakafikidwe n'zosavuta. Basi ya X93 yoyenda pakati pa Middlesbrough, Whitby ndi Scarborough imaima kumtunda kwa mudzi. Sitima yapamtunda kulibe. Njanji imene inatsegulidwa mu 1885 inatsekedwa mu 1965, ndipo pomwe inkadutsa pano ndi njira ya apansi ndi apanjinga yotchedwa Cinder Track, yosakwera kwambiri, yabwino kwa amene chitunda cha m'mudzi chawakwana. Obwera pagalimoto aimike kumtunda pamalo olipira, asayese kutsika nayo, pansi palibe poimika ngakhale potembenukira pabwino. Nyengo yotentha malowa amadzaza m'mawa ndithu. Nsapato zikhale zogwira pansi, ndipo jekete musalisiye ngakhale dzuwa likuwala.

Amene akufuna kuwonjezera atha kuyenda pagombe kulowera kummwera mpaka ku Boggle Hole, mtunda wa mailosi imodzi, pomwe chigayo chakale chinasanduka nyumba yogona alendo, n'kubwerera pamwamba pa phompho potsata njira ya Cleveland Way. Koma safunsa anadya phula: madzi a kumeneko amabwerera mofulumira ndipo amayamba kutseka kumbuyo kwanu, pafupi ndi phompho, inu mukuyang'ana kutsogolo. Nthawi za madzi zimapezeka pa intaneti ndipo amazimatanso pafupi ndi The Dock. Wina akatsekeredwa, nambala ndi 999, n'kupempha alonda a gombe.

Nthawi zomwezo muziyang'ane musanalembetse ulendo wa amayiwa. Sankhani tsiku limene madzi akhale ataphwa chakumapeto kwa ulendowo, makamaka pakati pa sabata pomwe gulu limachepa, ndipo mukafika imani kutsogolo pafupi nawo. Ngati kuwerenga nthawi za madzi kukukuvutani, alembereni uthenga muwafunse tsiku loyenera. Amayankha tsiku lomwelo.